Mnyamata wopanda mapepalayo musamupatse waya wa nyumba yanu

Achimwene, mukuti mukufuna kupatsa mnyamata wopanda mapepala ntchito yoika waya m'nyumba yanu poti ndi wotchipa? Musatero chonde. Kutchipa kwakeko mudzalipira kawiri, mwinanso ndi denga lomwe. Anyamata amene ananyamulira bwana makwerero miyezi itatu kenako n'kuyamba kudzitcha ainjiniya awononga nyumba zambiri kuno ku Mangochi, ndipo zimandiwawa.

Masoketi amafuna waya wa 2.5mm, mababu 1.5mm, cooker 6mm pa breaker yakeyake (breaker ndi switchi yomwe imagwa yokha n'kuzimitsa magetsi akachuluka). Mnyamata wotereyu amagula mpukutu wa 1.5mm n'kuyendetsa nyumba yonse, kenako n'kuikapo breaker ya 32 amps kuti isamagwegwe, inu muziti amadziwa ntchito. Breaker imateteza waya, osati ketulo. Mukayatsa ketulo, ayironi ndi hotplate pamodzi, wayawo umatentha koma breaker siigwa. Ganizani kutentha kwa Okutobala wathu, masana, pansi pa malata. Pulasitiki ya waya imapirira madigiri 70 basi, kupitirira apo imafewa, kuuma, n'kusweka. Moto umayambira pomwe anapota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi m'malo moika m'bokosi. Poyamba mumamva kafungo ngati ka nsomba, mumayesa ndi usipa wa kukhitchini. Babu imaphethira. Usiku wina zisa za makoswe za m'siling'i zimagwira moto, podzuka utsi wadzaza kuchipinda kwa ana, magetsi azima, kiyi sakuoneka, mawindo onse ali ndi zitsulo zowotcherera. M'mawa mukamuimbira foni siikupezeka, abale ake akuti anapita ku Joni. Munthu wotere alibe pepala loti angalandidwe, ndiye aope chiyani?

Za earth, waya wotayira magetsi m'nthaka zinthu zikalakwika, ndiye musanene. Amakhoma kachidutswa ka chitsulo chotsala pa maziko mumchenga wouma, basi. Pamafunika ndodo ya kopa yofika pa chinyezi, yoyezedwa ndi makina, komanso RCD ya 30mA pa bolodi la mabreaker, kachipangizo kozimitsa magetsi akangoyamba kudutsa posayenera. Kupanda izi geyser ikawonongeka, mpope wa kubafa umagwira munthu ali wonyowa.

Zinthuzi sizidziwika poonerera, zimafuna kalasi ndi mayeso. N'chifukwa chake kuli makoleji ngati Nasawa ku Zomba ndi Soche ku Limbe, kuli TEVETA kuyambira 1999, kuli mayeso a ntchito zamanja. Woika waya m'nyumba ayeneranso kukhala ndi chilolezo cha MERA, ndipo ESCOM imafuna mapepala a munthu wovomerezeka isanalumikize magetsi. Mnyamata wanuyo adzakuuzani kuti ali ndi womusainira. Ameneyo amasaina nyumba yomwe sanapondepo, ndipo ndi woipa kuposa mnyamatayo.

Komabe pepala lokha musalikhulupirire. Alipo a satifiketi amene amabanso waya, alipo madala opanda pepala omwe ntchito yawo ndi yaukhondo. Ngati mnyamatayo mumamudziwa bwino, mulekeni aseme makoma ndi kuika mapaipi, koma bolodi ndi kuyeza achite wa chilolezo. Waya mukagule nokha, ndipo muupale ndi mpeni musanalipire: ukayera m'kati ndi aluminiyamu wopakidwa kopa, usiyeni. Siling'i musakhome, ndalama yomaliza musapereke, mpaka ayeze ndi megger, makina oonera ngati waya ukutaya magetsi, inuyo mukuona, iwerenge kuposa megaohm imodzi.