Kodi wondipereka anatumidwa ndi Mulungu?

Mayi wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Amuna awo atamwalira, mlamu wawo anagulitsa mwachinsinsi puloti imene malemuwo anasiyira ana, ndipo mayiwo atakadandaula kwa mkulu wa mpingo anauzidwa kuti akhale chete chifukwa zonse zimachitika mwa chikonzero cha Mulungu. Akufunsa kuti ngati Mulungu anakonzeratu zimenezi, mlamuyo ali ndi mlandu wanji.

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa mawu amene munauzidwawo inenso anandilasapo. Zaka zingapo zapitazo ndinkagulitsa kaunjika ku msika wa Tsoka pamodzi ndi mnzanga amene tinkaimba naye kwaya imodzi. Ndinatenga ngongole ku banki m'khonde kuti tikapikule mabelo awiri a zovala za ana, ndipo ndalamazo ndinamupatsira m'manja osalemberana, pakuti munthu amene umagwada naye pamodzi sumukayikira. Ananyamuka m'mawa, madzulo foni yake inali itazima, ndipo patapita miyezi ndinamva kuti watsegula okala kwawo. Ngongoleyo ndinaibweza ndekha chiwongoladzanja chikukwera mwezi ndi mwezi, mpaka ndinagulitsa mashini anga osokera. Koma chimene chinandipweteka kuposa ndalamazo ndi amayi anzanga obwera kudzandipepesa, amene ankati, "Musadandaule, wakonza ndi Mulungu." Iwo ankanena ndi mtima wabwino, komabe ndinakhala milungu yambiri osatha kupemphera, chifukwa ndinkaona ngati ndikugwadira amene anapangana ndi wondiberayo.

Ndinayambanso kupemphera nditawerenga modekha nkhani ya Yosefe. Abale ake anamugulitsa ndi ndalama zasiliva 20 ali ndi zaka 17, ndipo anakaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. Pakati ponsepo panali ukapolo, bodza la mkazi wa Potifara ndi ndende. Pa Genesis 50:20 Yosefe akunena zinthu ziwiri: kuti abale akewo anamukonzera choipa, ndi kuti Mulungu anachisandutsa chabwino kuti anthu ambiri apulumuke ku njala. Ife timathamangira chachiwiricho n'kumeza choyamba, pamene Yosefe choipacho anachitchula ndi dzina lake. Onaninso mwini wa mawuwo. Anawalankhula ndi wolakwiridwayo, patapita zaka zambiri, misozi atakhetsa kale. Abale ake akanawalankhula iwo ali m'mphepete mwa dzenje limene anamuponyamo asanamugulitse, akanakhala mawu a chipongwe.

Chimodzimodzi ndi Yudasi, amene analandira ndalama zasiliva 30. Pa Luka 22:22 Ambuye Yesu akuvomereza kuti akupita monga kunaikidwiratu, koma pomwepo akuti tsoka kwa munthu womuperekayo. Mtanda unali m'chikonzero cha Mulungu, ndipo dyera linali la Yudasi mwini. Yakobo 1:13 akunenetsa kuti Mulungu sayesa munthu ndi zoipa. Mmene ziwirizi zimalumikizirana ndi chinsinsi chakuya chimene ndimachilandira mwa chikhulupiriro, koma Malemba sataya chimodzi kuti asunge chinzake.

Choncho ndikunena poyera kuti mkulu wa mpingo wanuyo analakwitsa, ndipo kulakwitsa kotereku kwafala m'mipingo mwathu. Dzina la Mulungu talisandutsa chitsekerero cha pakamwa pa amasiye. Wolanda katundu amakhala kutsogolo atavala jekete, wolandidwa n'kumaphunzitsidwa kupirira. Chonsecho Yakobo yemweyo, pa 1:27, akuti chipembedzo choyera ndi kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo, ndipo pa Luka 18 Yesu akupereka chitsanzo cha mkazi wamasiye amene sanaleke kupita kwa woweruza mpaka mlandu wake unaweruzidwa.

Nanga muchite chiyani?

Kukhululuka kudzafika, ndipo muzikupempherera, koma musakakamizidwe kunamizira kuti bala lapola. Yosefe yemwe anayamba wawayesa abale ake asanadziulule kwa iwo. Pa za puloti, lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Sonkhanitsani mapepala a malowo, kalata ya imfa ya amuna anu ndi mboni zimene zikudziwa za pulotiyo, kenako mupite ku Legal Aid Bureau, kumene amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Mutengane ndi m'bale wanu mmodzi wokhulupirika, musapite nokha.