Maseva atatu akukangana za akaunti imodzi: kodi wotchi ingawayanjanitse?

Wophunzira wina wa zamakompyuta wanditumizira imelo. Wapanga pulogalamu yosunga maakaunti a banki mkhonde, waiika pa maseva atatu (makompyuta oyendetsa pulogalamuyo) kuti imodzi ikafa enawo apitirize ntchito. Koma nthawi zina maseva akuonetsa ndalama zosiyana. Akufunsa kuti: "Bwanji ndingolemba nthawi pa uthenga uliwonse, seva iliyonse izisanja motsatira wotchi?"

Achimwene, taonani pomwe pakupsa. Mu akaunti muli K20,000. Pabwera mauthenga awiri, wina wotapa K15,000, wina wotapa K10,000. Seva yoyamba yayamba ndi wa K15,000, yakana winayo, mwatsala K5,000. Yachiwiri yayamba ndi wa K10,000, mwatsala K10,000. Palibe uthenga watayika, palibe seva yalakwitsa masamu. Asiyana pa dongosolo basi. Chomwe mukusowa ndi chimene akatswiri amachitcha total order broadcast: onse alandire mauthenga omwewo, motsatana mofanana.

Wotchi siingakupatseni zimenezo. Mawotchi a makompyuta sayenda limodzi ndendende, ngakhale muziwakonza ndi NTP, njira yolinganiza mawotchi kudzera pa netiweki. Komanso seva ikalandira uthenga, siidziwa ngati wina wakale ukadali m'njira. Katswiri wa zamakompyuta Leslie Lamport analemba za izi mu 1978. Njira yake njogwiritsa ntchito manambala m'malo mwa wotchi, seva iliyonse n'kumadikira kumva kwa anzake onse isanachite kanthu. Nzeru yabwino, koma seva imodzi ikangoti zii, onse aima.

Njira ina n'kusankha seva imodzi yopereka manambala: 1, 2, 3, onse n'kumatsatira. Pulogalamu ya Amoeba, ya ku yunivesite ya Vrije Universiteit, Amsterdam, inkatero. Njira ina yotchedwa Totem, yomwe pulogalamu yolumikiza maseva ya Corosync imagwiritsa ntchito, imazunguliza chizindikiro pakati pa maseva ngati chikho cha thobwa pabwalo: amene wachigwira ndiye atumize.

Kupereka manambala n'kosavuta. Mutu umapweteka wopereka manambalayo akafa. Tinene kuti wapatsa uthenga wa K15,000 nambala 41, wauza seva imodzi yokha, magetsi n'kuthima. Mtsogoleri watsopano, seva yosankhidwa kulowa m'malo mwake, posadziwa, apereka 41 ku uthenga wa K10,000. Mwabwerera pomwe paja. Choipa kwambiri, simungadziwe ngati woyambayo wafadi kapena netiweki yangochedwa. Akhoza kudzuka n'kupitiriza kugawa manambala. Mu 1985, akatswiri Fischer, Lynch ndi Paterson anatsimikiza kuti ngati kuchedwa kwa mauthenga kulibe malire, palibe njira yotsimikizira kuti mgwirizano utheka nthawi zonse, ngakhale yofa ikhale seva imodzi yokha.

N'chifukwa chake njira zogwirizanitsira maseva monga Paxos ya Lamport, Zab ya mu pulogalamu ya ZooKeeper, ndi Raft ya Diego Ongaro ndi John Ousterhout ya mu 2014 zimadalira ochuluka. Mu Raft, nambala 41 siikhazikika mpaka maseva awiri mwa atatu, kapena atatu mwa asanu, atausunga uthengawo. Ndipo seva yomwe ilibe uthenga wokhazikika siingapeze mavoti okwanira kukhala mtsogoleri.

Ngati ndi za m'kalasi, lembani Raft nokha, mudzaphunzira zambiri. Ngati ndi ndalama za amayi enieni, musayerekeze. Gwiritsani ntchito mapulogalamu opangidwa kale monga etcd kapena ZooKeeper. Kunena zoona, banki mkhonde siifuna zonsezi: seva imodzi ya PostgreSQL (pulogalamu yosunga deta) yolandira zolemba zonse, ndi ina yokopera, zikwana. Ngati mupita ku Kafka, pulogalamu yotumiza mauthenga, kumbukirani kuti imasunga dongosolo mkati mwa partition (chigawo cha mauthenga) imodzi yokha, choncho muzigawa mauthenga potengera nambala ya akaunti, kuti K15,000 ndi K10,000 zija zidutse pakhomo limodzi.