Musanasayine chilichonse ku Russia, werengani izi

Lachitatu usiku mwana wa alongo anga wa ku Chilinde ananditumizira chithunzi cha malonda a ntchito omwe wawapeza pa Telegram: tikiti ya ndege yaulere, pogona paulere, kuphunzira Chirasha uku ukulandira malipiro. Funso lake linali limodzi: "Malume, poti inu muli komweko, ndilembetse?" Tulo sindinatione. Ndinabwera kuno mu 2017 kudzaphunzira, ndipo Russia wa nthawi imeneyo si ameneyu. Chiyambireni nkhondo ya ku Ukraine pa 24 February 2022, zitseko zambiri zatsekedwa, zina ndi maiko a azungu, zina ndi boma lomweli. Ukagwa m'mavuto kuno, dzanja la kumudzi silikufika.

Choyamba, pepala lolembedwa m'Chirasha musalisayine musanapeze munthu wanuwanu woti akuwerengereni. Womasulira yemwe wabwera ndi mwini ntchitoyo si wanu ayi. Ku Tatarstan kuli malo a mafakitale otchedwa Alabuga, komwe amaitanira atsikana a zaka 18 mpaka 22 ochokera ku Africa. Mu October 2024 atolankhani a Associated Press anaulula kuti ambiri omwe anauzidwa za ntchito ya m'mahotela anakapezeka akulumikiza ma drone, ndege zopanda woyendetsa zoponyera mabomba ku Ukraine. Malo opangira zida ndi chandamale cha adani, ndipo mu April 2024 drone ya Ukraine inagwera nyumba yogonamo anthu kumeneko. Mwana wa alongo anga ndamuuza kuti ayi, ndipo amayi ake ndawauzanso.

Anyamata, inu msampha wanu ndi wina. Adzakuuzani kuti ndi ntchito ya ulonda, yoyendetsa galimoto kapena yophikira asilikali, chaka chimodzi basi kenako pasipoti ya Russia. Dzina lanu likangolowa pa pepala la unduna wa zachitetezo, ndinu msilikali, ndipo chaka chikatha sakumasulani nkhondo isanathe. Kumbukirani Lemekhani Nyirenda, mnyamata wa ku Zambia wa zaka 23 yemwe ankaphunzira za nyukiliya ku Moscow. Anamangidwa pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo, a Wagner, gulu la asilikali a ganyu la ku Russia, anakamutenga kundende, ndipo anafera ku Ukraine mu September 2022. Makolo ake anamva mochedwa, maliro anafika ku Lusaka mu December. Inu ochita ganyu yoperekera katundu m'makomo, phukusi lomwe simukudziwa zam'kati mwake lisakhudze chikwama chanu.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo apa ndi pomwe ine pandipweteka mpaka lero. Visa, Mastercard ndi Western Union anachoka mu March 2022. Khadi la banki yanu ya ku Lilongwe kuno ndi chipulasitiki chabe, ndipo khadi la Mir lomwe mudzapatsidwe kuno siligwira kwathu. Ndiye tonse timadalira anthu apakati: umapereka ma ruble kuno, wina kumudzi n'kutumizira abale ako pa Airtel Money kapena Mpamba. Bambo anga atagonekedwa m'chipatala mu 2023, ndinapereka ndalama za miyezi itatu kwa mnyamata wakwathu, woti tinkadyera naye nsima mbale imodzi pa 6 July. Anati mawa zifika. Mawa lakelo silinakwane, nambala anasintha, ndipo bambo anatuluka m'chipatala ndi ngongole yomwe alongo anga anabweza pogulitsa mbuzi. Kupolisi ndikanakanena chiyani, poti njira yomweyo ndi yam'mbali? Amene anandiuza kuti ndingomusiyira Mulungu ndi omwewo ankamudziwa khalidwe lake osandichenjeza. Tumizani pang'onopang'ono, ndipo wakumudzi ayambe watsimikiza kuti zalowa musanawonjezere zina.

China, pakamwa. Mawu oti "nkhondo" musawatchule m'kalasi, m'basi, ngakhale pa foni. Lamulo la mu March 2022 limalola kumanga munthu mpaka zaka 15 pa zomwe boma lingati ndi mabodza okhudza asilikali. Mnzanu wa m'chipinda akakufunsani maganizo anu pa Putin, muuzeni kuti mwabwerera sukulu. Facebook ndi Instagram anazitseka chaka chomwecho, ndipo mu August 2025 anayamba kutchinga kuimba pa WhatsApp ndi Telegram. Intaneti ya pafoni amatha kuizimitsa mzinda wonse akamaopa ma drone. Auzirenitu amayi kuti mukakhala chete masiku atatu asayambe kulira.

Chachinayi, mapepala a m'thumba. Kakhadi kolowera m'dziko komwe amakupatsani pabwalo la ndege musakataye. Kalembera wa komwe mukugona achitike pasanathe masiku 7 ogwira ntchito, ndipo mukasamuka, ngakhale kugona kuhotela kapena kuchipatala, funsani ngati kalembera wakale akadali wamoyo. Mwininyumba wina anandilandira lendi miyezi iwiri akukana kundilembetsa, chindapusa ndinalipira ndine. Chichitikireni chiwembu cha ku Crocus City Hall, holo ya zoimbaimba ya pafupi ndi Moscow, mu March 2024, apolisi amaimitsa alendo paliponse, ndipo ife akhungu lakuda sitibisika. Pasipoti yanu musasungitse kwa bwana aliyense, kaya anene kuti ndi lamulo la kampani.

Anzathu a ku Zambia ali ndi ofesi ya kazembe ku Moscow. Ife Amalawi tilibe, otiyang'anira ali ku Berlin, ndipo ndege za pakati pa Russia ndi Germany zinaima. Pasipoti ikatayika kapena ikatha, mudzaona kutalika kwa njira. Pothawira n'pomwe munalowera, Addis Ababa, Dubai kapena Istanbul, choncho sungani madola a tikiti yobwerera pamalo poti simuwakhudza ngakhale njala ikulume.

Mwana wa alongo anga wandiyankha m'mawa uno kuti anzake awiri atumiza kale zithunzi za mapasipoti awo. Ndamupempha manambala a makolo awo, ndiwaimbira madzulo intaneti ikalola.