Mukufunsa za ku Area 25? Bwerani muchite kaye lendi

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Amuna awo apeza ntchito ku Kanengo ndiye banja lonse likusamukira ku Lilongwe. Funso lawo mwachidule ndi ili: anthu akuwauza kuti akakhale ku Area 25 poti ndi kufupi ndi kuntchito, koma ena akuwaopseza kuti ku 25 ndi kutali ndi tauni, kuli fumbi, komanso anthu a m'tauni sadziwana. Ndiye akufunsa kuti kodi kumakhalika? Nanga agule puloti pompano ndi kandalama komwe asunga, kapena adikire?

Achemwali, zikomo pondilembera. Yankho langa ndi loti kumakhalika ndithu, koma puloti musathamangire. Ndifotokoza chifukwa chake, mundipirire poti ndiyambira patali pang'ono.

Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975, boma litasamuka kwanu ku Zomba komweko. Kalembera wa 1966 anapeza anthu osakwana 20,000 m'tauni muno, pomwe wa 2018 anapeza 989,318. Taganizani anthu onsewo kuti agone pati. Bungwe lomwe linapatsidwa ntchito yomanga likulu, la Capital City Development Corporation, linakhazikitsidwa mu 1968 ndipo linagawa mzindawu m'ma Area, manambala ake osatsata kuti uyu wayandikana ndi uyu ayi, nchifukwa chake Area 24 ili kumwera uko mbali ya ku Ngwenya pomwe 25 ili kumpoto moyandikana ndi 49. Musadzasokere nazo zimenezi mukafika.

Tsono ku 25 sikunamangidwe ngati ku Area 18 komwe anthu ankangolowa m'nyumba zomangidwa kale zofanana. Mbali yaikulu anangodula mapuloti ndi timisewu, munthu nkupatsidwa malo kuti amange yekha malinga ndi thumba lake. Cholinga chinali choti ogwira ntchito m'makampani a ku Kanengo azigona pafupi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya dera limeneli. Munthu ankayamba ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kumbuyo kwa puloti, njerwa kuumba pompo, nkulowamo pulasitala asanapange, kenako akapeza kangachepe amayamba nyumba yaikulu kutsogolo, ija yakumbuyo nkuikamo wa lendi, ndalama ya lendiyo nkugulira malata, zaka zikupita, mpanda nkubwera pomaliza penipeni. Mpaka lero mukayenda m'masekitala, zigawo za dera la 25, mudzaona nyumba ya matailosi ndi geti yachitsulo yayandikana ndi mdadada wa zitseko zisanu bafa limodzi, ndipo ana a m'nyumba zonsezi amasewera mpira umodzi pamsewu. Ineyo chimenechi ndi chomwe ndimakondera ku 25. Mphunzitsi, dalaivala wa thiraki, mayi wogulitsa kaunjika, bwana wa ku banki, onse amagula tomato pa benchi imodzi pa msika wa Nsungwi.

Kanengo mudzaimva m'moyo wanu wa tsiku ndi tsiku ngakhale inuyo simugwirako ntchito. Kumeneko ndi komwe kuli okushoni ya fodya, makampani ngati Limbe Leaf ndi Alliance One, komanso nkhokwe zazitali za chimanga zija zimaonekera patali. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo mathiraki amandanda m'mbali mwa msewu, aganyu a sizoni amabwera kudzafuna zipinda, a chiwaya ndi a kanyenya malonda amayenda mpaka usiku. M'mawa kusanache bwino mudzaona chinamtindi cha anthu wapansi ndi panjinga kulowera kumakampani, kachikontena ka nsima ya dzulo kapena mbatata m'manja. Sizoni ikatha ndalama imachepa m'dera ndipo ngakhale wa pa okala amakuuzani kuti kwaphwa. Amuna anuwo za thiransipoti sadzadandaula kwambiri, kabaza ndi wosasowa. Inuyo mukafuna kupita ku Old Town kapena ku chipatala cha Kamuzu Central ndiye konzekerani minibasi ndi mzere wa magalimoto nthawi ya m'mawa, zoti ndi kutali sanakunamizeni. Koma zambiri simudzazifunanso m'tauni, msika ulipo, zigayo zilipo, masukulu a boma ndi a pulaiveti ali mbwee, koleji ya aphunzitsi ya Lilongwe TTC ili komweko, ndipo chipatala cha Area 25 chinatukuka kwambiri mbali ya amayi oyembekezera chifukwa cha mgwirizano wa boma ndi a Baylor, bungwe la zachipatala la ku America.

Fumbi liliko, Okutobala makatani amasanduka ofiira, dzinja matope m'timisewu ta m'kati. Pamenepo palibe chobisa.

Koma zoti anthu sadziwana ndikukana. Chomwe chilipo nchakuti kuno palibe amene anabadwira pamodzi ndi mnzake, uyu ndi wa ku Mzimba, uyo wa ku Mulanje, winayo wa ku Dowa pafupi pompa, ndiye ubale sumangobwera wokha ngati kumudzi, umachita kupangidwa. Ndipo anthu anaupanga chifukwa cha mavuto omwe anakumana nawo pomanga dera lawo okha. Madzi akasiya amayi amadziwa kuti chitsime chili kwa ndani ndipo mwini wake amatsegula geti, zigubu nkundanda. Akuba akavuta abambo amakhala pansi nkugwirizana kuti nyumba iliyonse izisonkha kangachepe pamwezi kolipira anyamata olondera usiku. Ngalande ikatsekeka sadikira kuti wina achokere ku ofesi, amatenga makasu Loweruka m'mawa.

Pomwe mudzaonere bwino ndi pamaliro. Uthenga ukangomveka amapita kaye kwa a bulokulida, amene ambiri amangowatchula kuti amfumu, iwowo ndi amene amalengeza ndi kutuma anyamata kuika masamba pamsewu. Kenako kope limayenda khomo ndi khomo, wina ndalama, wina mbale ya ufa, wina mtolo wa nkhuni, zonse kulembedwa dzina. Amayi amamanga zitenje nkuyamba kuphika kuseri, ena kulowa m'nyumba ya siwa kukakhala ndi ofedwa, abambo panja pamoto usiku wonse, a kwaya akuimba. Ndipo poti ambiri amakaikidwa kumudzi kwawo, pamafunika galimoto, mafuta, ndi anthu operekeza mpaka ku Ntcheu kapena ku Karonga, anthu oti sanali abale ake a malemuyo ngakhale pang'ono. Ndinaonapo mayi wina wa lendi, wongokhala m'kachipinda kamodzi, mwamuna wake atamwalira mwadzidzidzi abale ali kutali, maneba anayendetsa zonse mpaka thupi kukafika kwawo, chifukwa mayiyo sankasowa pa zovuta za anzake. Kope lija anthu amalikumbukira, achemwali. Amene amangotseka geti nkumadutsa pagalimoto magalasi ali otseka, tsiku lake likafika anthu amabwera ndithu koma mumaona kuti angobwera mwamwambo.

Ndiye mukafika chitani izi msanga. Pitani mukadzionetse kwa a bulokulida, muwauze kuti ndife akuti, tachokera ku Zomba, tikukhala nyumba yakuti. Ngati ndinu a Katolika funsani mphakati wa dera lanulo, ngati ndinu a CCAP funsani za mlaga, ndipo dziwani kuti kuno ndi ku Nkhoma Synod, amayi ake ndi a Chigwirizano osati a Mvano ngati kwanu. Asilamu nawo mizikiti ilipo. Banki m'khonde mudzaipeza pafupifupi mzere uliwonse wa nyumba, koma imeneyo lowani mutawadziwa kaye anthu ake, miyezi ingapo idutse, poti ndalama imadanitsa.

Tsopano za puloti. M'kati mwa masekitala akale malo opanda kanthu ndi osowa, chomwe mungapeze ndi nyumba yakale yogulitsa, ndipo mitengo yake si yamasewera. Kukula kwa dera pano kukuchitikira m'mphepete, mbali ya ku Dzenza ndi kupitirira, komwe minda ya chimanga ya dzana ikusanduka mapuloti. Kumeneko ndi komwe anthu akulirira kwambiri. Malo mu Lilongwe ali ndi eni ake angapo, ena ndi a khonsolo ya mzinda, ena a Malawi Housing Corporation, ena a unduna wa za malo, ena akadali m'manja mwa mafumu ndi mabanja a m'midzi, ndiye munthu wobwera kumene sangadziwe kuti apa mwini wake weniweni ndani. Madobadoba amadziwa zimenezo ndipo mlendo amamuonera patali. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo, ena amagula malo ooneka bwino mu Ogasiti, kufika Januwale nkupeza kuti ndi dambo madzi akulowa m'nyumba, ena amamanga pomwe panayenera kudutsa msewu. Zimandiwawa chifukwa nthawi zambiri ndi ndalama ya penshoni kapena ya zaka zambiri za kuvutika.

Nchifukwa chake ndikuti chitani lendi chaka chimodzi, mudutsemo dzinja lonse. Posankha nyumba funsani ngati mita ya madzi ndi ya magetsi ndi yanuyanu kapena yogawana, chifukwa mikangano yambiri ya pa mdadada imayambira pa mayunitsi ndi bilu ya madzi. Funsaninso ngati alandilodi amakhala pompo, ndipo mugwirizane polemba za miyezi yolipiriratu. M'chaka chimenecho anzanu a kumphakati ndi maneba ndi amene adzakuuzeni kuti malo akuti musayerekeze ali pamilandu, koma akuti akugulitsa ndi banja lodziwika. Mukawapeza malowo kawaoneni mvula ikugwa, mufunse oyandikana nawo mbali zonse za malire, mupite ku khonsolo ndi ku ofesi ya za malo mukatsimikize mapepala, ndipo ndalama muperekere pamaso pa mboni, amfumu alipo, zonse zolembedwa ndi kusainidwa.