Yambani ndi thanki ya mafuta

Achimwene, mwafunsa choyambira pokonza boti lanu la dizilo musananyamuke ku Monkey Bay kupita ku Likoma. Ine ndikuti thanki. Boti likakhalitsa, pansi pa thanki pamadikha madzi ndi zinyalala. Mafunde akayamba kulikhutchumula, zonsezo zimavunduka, fyuluta (sefa ya mafuta) n'kutsekeka, injini n'kuzima muli pakati pa nyanja. Tsukani thankiyo, musinthe mafyuluta, ndipo ena mutenge apadera.

Sinthaninso impeller, kawilo kamphira kamene kamakoka madzi m'pampu yoziziritsa injini, chifukwa mphira wake umauma n'kuthetheka. Muyese mabatire ndi pampu yotulutsa madzi m'boti. Utoto ungadikire.

Chonde musapeputse mwera, umavuta kwambiri mu Juni ndi Julayi. Mukamaliza kukonza, yendetsani botilo maola angapo kufupi ndi gombe, mutasenzetsa katundu yense wa paulendo, majekete opulumutsira anthu ali momwemo.