Za kachaja kolembedwa GaN kaja

Achimwene ndaona funso lanu dzulo koma bandulo inandithera, nde ndiyankhe pano. Mukuti mwagula kachaja pa Chitakale, kakang'ono ngati bokosi la machesi koma palembedwa 65W ndi GaN, nde mukuopa kuti akuberani poti chaja ya laputopu yanu yakale ija ndi chinjerwa chenicheni. Kuchepako pakokha si umboni woti ndi feki ayi. Ine ndimakonza mafoni ndi mawailesi kuno ku Luchenza, timachaja timeneti ndatsegulapo tingapo.

GaN ndi chidule cha gallium nitride, zinthu ziwiri zogwirana. Nitrogen mukuidziwa, yomwe ija ili mu feteleza wa urea, komanso mpweya tikupumawu 78 peresenti ndi yomweyo. Gallium ndi chitsulo chodabwitsa, chimasungunuka pa madigiri osakwana 30, kungochifumbata m'manja chayenderera, kutentha kwa Okutobala kwa ku Muloza sichingalimbe kkkk. Koma ziwirizi zikagwirana zimapanga chinthu cholimba zedi, sichisungunuka m'madzi, sichichita dzimbiri, ndipo kutentha komwe kumafooketsa silicon, chinthu chomwe amapangira timaswitchi ta mu machaja akale, ichocho chimangopitiriza ntchito.

Nkhani yagona pa m'mene maatomu ake anakhalira. Taganizirani mulu wa tomato pa Bvumbwe paja, atatu pansi m'modzi pamwamba. Pakati pa anayiwo pamatsala kampata eti? Nde mu kampata kameneko mwakhala atomu ya gallium, anayi aja ndi a nitrogen. Mukatembenuza ndi chimodzimodzi, nitrogen aliyense wazunguliridwa ndi ma gallium anayi. Timiyulu timeneti talumikizana mbali zonse, mukayang'ana chakumwamba mukuona timabowo ta makona sikisi ngati chisa cha njuchi, mizere yake kusanjikizana mosinthana, woyamba wachiwiri, woyamba wachiwiri mpakana basi. Kamangidwe aka amakatchula kuti wurtzite. Kukula kwa kachipinda kamodzi ka kamangidweka ndi pafupifupi 0.32 nanometre m'lifupi ndi 0.52 msinkhu, nanometre imodzi ndiye kuti mwatenga milimita mwaigawa ka 1 miliyoni, ine mutu umaima ndikaganiza zimenezi.

Poti atomu ya nitrogen ndi yaing'ono koma imakoka mwamphamvu, mfundo zomangira maatomuwo ndi zazifupi ndi zothina, ma electron sachoka wamba. Kuti electron imasuke nkuyamba kuyendetsa magetsi imayenera kudumpha kaye mpata wina wake, band gap. Wa silicon ndi 1.1 eV, wa GaN ndi 3.4 eV, eV ndi muyezo wa mphamvu yodumphira. Wina ndi ngalande ya mu tiyi, winayo ndi Ruo atadzaza mu February. Nde mwina muziti ngati kudumpha kuli kovuta ubwino wake uli pati, ubwino wake ndi woti magetsi amphamvu sangaboole mwachisawawa, GaN amapirira kuposa silicon pafupifupi kakhumi pa kukhuthala kofanana, ndiye kaswitchi ka mu chaja kopangidwa ndi GaN kamatha kukhala kopyapyala, kufupi, magetsi sataya mphamvu yambiri podutsa, kutentha kumachepa, komanso kamayatsa ndi kuzimitsa mofulumira kwambiri. Mu chaja, chomwe chimadya malo ndi transifoma ndi makapasita, ndipo switchi ikamaphethira mwachangu transifoma imafunika yaing'ono. Kuchepa kwa kachaja kanu kwachokera pamenepo, palibe matsenga.

Ndipo GaN munayamba kale kumugwiritsa ntchito osadziwa. Tochi yanu, babu la LED, kuwala kwa kuseri kwa sikirini ya foni. Zoona zake mkatimo kanthuko kamawala buluu, pamwamba anapakapo mankhwala achikasu, zikasakanikirana diso limaona zoyera. LED ya buluu inavuta anthu zaka zambiri chifukwa crystal ya GaN simera bwino payokha, amachita kuiyala ngati kansalu kopyapyala pamwamba pa sapphire kapena silicon mu uvuni wa madigiri cha m'ma 1000, nde poti maatomu a pansi ndi a pamwamba satalikirana mofanana imatuluka ndi zilema zambirimbiri. Anthu atatu a ku Japan, Akasaki, Amano ndi Nakamura ndi amene analimbana nazo mpaka zinatheka, Nakamura anatulutsa yowala bwino mu 1993, mphoto ya Nobel anadzalandira mu 2014.

Chondisangalatsa ine ndi ichi. Gallium alibe mgodi wakewake, amamupeza pang'onopang'ono akamayenga bauxite kuti apange aluminiyamu, ndipo wambiri pano akuchokera ku China. Bauxite yemweyo ali pamwamba pa phiri lathuli la Mulanje ku Lichenya, anamupeza kale m'ma 1920 ndipo mpaka lero sanakumbidwe. Ine pandekha asiyeni alipo, madzi a Likhubula ndi mikungudza yatsalayo sitingazigule ndi chaja.

Tsono za kanu kaja. Zilembo zitatu GaN aliyense atha kudinda pa pulasitiki, ndinatsegulapo kena nkupeza anamatamo kachitsulo kuti kazilemera m'manja, kameneko kanaphulika magetsi atangobwera kuchokera kozima. Kayeseni pa laputopu yolowa Type-C ndi kebulo yabwino, ngati ikuchaja uku mukugwiritsa ntchito osadandaula kuti mphamvu yachepa ndiye kuti kali bho. Kufunda ndi kwabwinobwino, koma kakamaotcha moti simungakagwire kapena kakamanunkha pulasitiki kazuleni msanga. Musayembekezerenso kuti foni ya 10W iyamba kudzaza ngati mphezi, foni imatenga mlingo wake womwewo olo chaja ikhale ya 65.

Mukamapita ku Limbe tsikirani pa Luchenza mubwere nako, kamita koyezera ndili nako, tikaone ngati 65 imeneyo ilipodi.