Nyumba ku Salima, ntchito ku Kanengo: yankho kwa mayi a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene amagwira ntchito ku Kanengo ndipo akuchita lendi ku Area 25. Dzina lawo andipempha kuti ndisatchule. Ndadula zina ndi zina, koma fundo yake nayi:

"Achimwene, lendi yanditopetsa, alandilodi chaka chilichonse akungokweza. Mnzanga wa kuntchito wandilumikiza ndi ejenti amene ali ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Salima, chakufupi ndi Kamuzu Road. Ili mu mpanda, madzi ndi magetsi zilipo, mtengo K38 miliyoni. Kuno ndalama imeneyo nyumba yotere sindingaipeze. Eni ake anamwalira, akugulitsa ndi mwana wawo wamkulu, ndipo mapepala akuti ndi kalata ya amfumu. Ejenti akuti ndipereke theka mwezi uno chifukwa pali wina wa ku Joni akuifunanso. Ndigule? Nanga n'zotheka kumagona ku Salima ntchito ili ku Lilongwe? Ndili ndi kapoloti ku Lumbadzi koti ndigulitse kuti ndalama ikwane."

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi la msewu poti ndi losavuta.

Kuchoka pa boma la Salima kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Mwayi wanu ndi woti msewuwu umakatulukira mu M1 chakufupi ndi Kanengo komweko, ndiye mdipiti wa magalimoto wa m'tauni simuupeza. Koma tengani cholembera. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 200 pa tsiku. Masiku 22 a ntchito, ndiye 4,400 pa mwezi. Galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita imodzi imwa malita oposa 360 mwezi umodzi, matayala ndi sevisi tisanawerengere. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo wa lero, muyerekeze ndi lendi imene ikukuwawaniyo. Mukati mudalire minibasi kapena masiyenta, ndiye kudzuka 4 koloko, kudikira kuti idzaze, kukwera zitunda za ku Mvera mutapanikizana anayi pa mpando wa atatu, ndipo mafuta akasowa mtengo umakwera tsiku lomwelo. Njanji ilipo ndithu, imachoka kuno ku Salima mpaka ku Kanengo, koma sitima yonyamula anthu a pantchito m'mawa kulibe. Ndikamaidutsa pa njinga ndimangoti tikanakhala ena.

Anthu amene ndimawadziwa ogwira ntchito ku Lilongwe banja lili kuno sayenda tsiku ndi tsiku. Amanyamuka Lolemba m'bandakucha n'kubwera Lachisanu madzulo, ndipo m'tauni amasunga kachipinda ka lendi. Ndiye lendi siitha ayi, imangochepa. Ngati zimenezo mwazivomereza, kapena mukuganiza za pomwe mudzakhale mukadzapuma pantchito, Salima ndi malo abwino ndipo sindikuletsani. Bola muzipirira kutentha kwa mu Okutobala.

Chimene chandisowetsa tulo m'kalata yanu si msewu. Ndi mawu atatu awa: eni ake anamwalira, kalata ya amfumu, theka mwezi uno.

Kukhala mwana wamkulu sikupatsa munthu mphamvu yogulitsa nyumba ya malemu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati ngati munthu wamwalira osasiya wilu, chuma chake ndi cha mkazi kapena mwamuna wotsalayo, ana onse, ndi ena amene ankadalira malemuwo. Ana onse, ngakhale obadwira kwina amene ejenti sakuwadziwa. Wogulitsa ayenera kukuonetsani kalata ya ku khoti yomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho, ija maloya amati letters of administration. Akayamba zoti "ife pabanja pathu tinagwirizana kale," muwayankhe mwaulemu kuti mukufuna mumve kuchokera pakamwa pa aliyense.

Ndiye pali za kwathu kuno zimene sizilembedwa pa pepala. Mabanja ambiri a kuno malo amayendera kuchikazi. Bambo akhoza kumanga nyumba yabwino ya njerwa zootcha ndi ndalama zawo, koma ali pa chikamwini, malowo ndi a mbumba ya akazi awo, ndipo mwini mbumba ndi amalume. Ana angathe kugulitsa makoma ndi malata, koma dothi lili ndi eni ake.

Izi ndinaziphunzira ndi ndalama zanga. Mu 2017 ndinagula poloti cha ku msewu wa ku Senga Bay. Wogulitsa anali mnyamata waulemu kwambiri, wogwada popereka moni. Tinapita kwa anyakwawa, ndinapereka kangachepe, anatilembera kalata pa pepala long'amba mu kope la sukulu n'kudindapo chidindo chofiirira, mboni ziwiri zinasayina. Malire tinayenda ndi mapazi, kuchokera pa mtengo wa masawu kukafika pa chulu, n'kukhoma zikhomo. Ndinathira matiripi awiri a mchenga ndi imodzi ya miyala. Patatha miyezi inayi, m'mawa wina ndinapeza bambo wachikulire atakhala pamwamba pa mchenga wanga, chipewa chili pa bondo, akusenda chinangwa ndi kampeni. Sanakalipe n'komwe. Anangoti, "Pepani bambo, kodi mchengawu mwathira pa munda wa mlongo wangawu, mwauzidwa ndi yani?" Anali amalume ake a mnyamata uja, atangobwera kumene kuchokera ku Joni. Nkhani inapita kwa agulupu, kenako kwa mfumu yaikulu. Anyakwawa aja anati iwo anangochitira umboni, sanagulitse kanthu, ndipo kunena zoona sananame. Ndalama zinali zitadyedwa kale. Pomaliza ndinalipiranso kachiwiri, kwa mbumba tsopano, ndipo poloti inachepa ndi mayadi angapo chifukwa chulu chija amalume anati si chimenecho.

Ndiye kalata ya amfumu muziimva moyenera. Ndi umboni woti tsiku lakuti anthu akutiakuti anapatsana ndalama pamaso pa mfumu. Si lizi, ndipo kawirikawiri banki singailandire ngati chikole. Malo m'dziko muno alipo a boma, alipo a munthu payekha monga a lizi, alipo a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu. Lamulo la 2016 la malo a makolo linabweretsa makomiti a malo, wapampando wake gulupu, ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, atatu mwa iwo kapena kuposa apo akhale amayi. Cholinga n'choti mfumu isamagawe malo payokha. Mu 2022 aphungu anakonzanso malamulowa ndipo anakhwimitsa nkhani yogulitsa malo a makolo ndi malo osamangidwapo kanthu. Anthu m'midzimu akugulitsanabe ngati kale, koma mlandu ukafika ku khoti woweruza amawerenga lamulo, osati zimene tinazolowera.

Palinso china chokhudza nyumba za pafupi ndi boma ngati imeneyi. Tauni ya Salima yakula n'kumeza midzi, moti nyumba ziwiri zoyandikana ina ikhoza kukhala pa malo a makolo ina pa malo a boma. Pa malo a boma chidindo cha anyakwawa chilibe ntchito. Nyumba ikakhala m'mbali mwa msewu waukulu, mwa njanji kapena pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM, pali mtunda umene suloledwa kumangapo, ndipo mwina munaonapo mipanda yolembedwa X wofiira. Choncho ulendo wanu woyamba usakhale wa ku banki. Pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Salima, muwalozere pamene pali nyumbayo, akuuzeni kuti malowo ndi a mtundu wanji komanso ngati angatheke kuwatengera lizi. Zikapezeka kuti lizi ilipo kale, kachititseni sechi, kutanthauza kufufuza m'kaundula wa malo, ku Unduna wa za Malo ku Lilongwe: ili m'dzina la yani, yatsala zaka zingati (za nyumba zambiri zimakhala za zaka 99), kodi sinaikidwe chikole ku banki, nanga ground rent, lendi ya malo yopita ku boma, yakhala ikulipidwa? Posintha dzina pamafunikanso chilolezo cha unduna, kalata ya MRA yosonyeza kuti wogulitsa alibe ngongole ya msonkho, ndi msonkho wa stamp duty. Apa pezani loya wanuwanu, osati amene ejenti akulozereni. Munthu wotulutsa K38 miliyoni asaumire pa ya loya ndi ya saveya wodzaona mabikoni osonyeza malire.

Tsopano nyumba yeniyeniyo. Mwaionera pa WhatsApp, ndikudziwa, ndipo pa foni nyumba iliyonse imakongola. Salima ndi chigwa. Madzi ochokera ku mapiri a Dowa ndi Dedza amatsikira kuno ndi mitsinje monga Linthipe ndi Lilongwe, ndipo malo ambiri ndi athyathyathya, madzi sathamanga kuchoka. Malo amene mu Seputembala ndi fumbi lokhalokha, mu Febuluwale mumalowa mutanyamula nsapato m'manja. Ngati simungadikire dzinja, zungulirani kuseri kwa mpanda, mbali imene sapentako, muyang'ane m'munsi mwa khoma. Madzi amasiya mzere wa matope, ndipo njerwa za pansi zimafumbutuka mukazikanda ndi chala. Madera ena kuli dothi la makande, lakuda lija, limene limafufuma kukagwa mvula n'kung'ambika m'chilimwe. Nyumba ya fawundeshoni yosazama pa dothi lotere imachita ming'alu yoyenda chopingasa kuchokera pa ngodya ya windo, ndipo zitseko zimayamba kukana kutseka. Mukapeza chipinda chimodzi chokha chili ndi penti watsopano, gogodani khomalo. Kwerani pa mpando musuzumire mu siling'i muone ngati chiswe sichinadye mitengo ya denga. Funsani bilu yomaliza ya Central Region Water Board, chifukwa ngongole ya madzi imatsalira pa mita, ndipo tsegulani mpopi nokha masana, osangomva kuti madzi alipo.

Kwa ena owerenga amene mtima uli ku Senga Bay, kufuna kumadzuka n'kuona nyanja: mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete. Amene anaona sangagule poyang'ana mchenga wa m'chilimwe.

Za malo ndi za banja lija, amene angakuuzeni zoona si ejenti. Ndi mayi wogulitsa tomato pa mphambano, ndi anyamata a kabaza a pa siteji yapafupi, ndi oyandikana nawo a kuseri. Gulani tomato wa mulu umodzi, khalani pansi, mufunse ngati mlendo wofuna lendi. Safunsa anadya phula. Mphindi khumi sizikwana musanamve kuti malemu anali ndi mkazi wina ku Chipoka, kapena kuti nyumbayo ena anaperekapo kale ndalama chaka chatha.

Wa ku Joni uja musamuope. Chiyambireni kutsatira nkhani za nyumba kuno, sindinaonepo nyumba yogulitsa yopanda wa ku Joni amene akutumiza ndalama mawa. Mwina alipodi, ndiye agule, Salima nyumba sizinathe. Maejenti abwino alipo, ndipo amathandiza, koma ambiri ndi madobadoba amene ofesi yawo ndi foni, amadya pa komishoni, ena amaonjezeranso yawo pamwamba pa mtengo wa eni ake. Muonane ndi ogulitsa maso ndi maso, mumve mtengo kuchokera kwa iwo, ndipo mugwirizane poyera kuti ejenti alipidwa ndi yani. Ndalama idutse ku banki, ku akaunti ya dzina lomwe lili pa chitupa cha unzika ndi pa kalata ya ku khoti, osati m'chikwama, osatinso ku nambala ya ejenti. Muzipereka m'zigawo zolembedwa mu mgwirizano: pang'ono posayina, yochuluka mapepala akatheka, yotsala akakupatsani makiyi nyumba ili yopanda munthu. Nyumba za masiye nthawi zambiri mumakhala mlongo kapena mdzukulu amene alibe kolowera, ndipo kumutulutsa mutalipira kale ndi ntchito yowawa imene simungaikonde.

Kapoloti ka ku Lumbadzi musathamangire kukagulitsa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atagulitsa malo n'kusunga ndalama ku banki podikira nyumba anadzuka ndalama yawo itafupika, simenti ndi malata zitakwera. Wogula mupezeretu, mtengo mukambirane, koma musayine pokhapokha za ku Salima zitayera. Mafunso onse ndakupatsaniwa nayenso adzakufunsani, ndiye mapepala anu akhale pafupi, ndipo poti ndi malo osamangidwa, loya yemweyo akuunikireni zimene lamulo la 2022 likunena musanalandire ndalama ya munthu.

Ndigule? Mwezi uno ayi, ndipo theka musapereke. Muimbireni ejenti mumuuze kuti Loweruka mukubwera, ndipo mukufuna mudzakhale pansi ndi ana onse a malemu, mayi awo ngati ali moyo, ndi amalume, kalata ya ku khoti ili pa tebulo. Mumvetsere bwino mmene ayankhire. Kenako Lolemba lina mudzagone kuno, mudzuke 4 koloko, mukwere siyenta pa Kamuzu Road, muone nthawi imene mukafike pa geti la kuntchito kwanu ndi mmene msana ukhalire pofika Lachitatu. Mukatero mundilemberenso. Ndipo mukabwera, mufunse kumene kuli chulu ndi mtengo wa malire, koma muonetsetse kuti okulozeraniwo ndi amalume.